Tsiku limene ndinafukiza apongozi anga

Mpaka lero ndikangolowa m'sitolo ina yogulitsa mapaipi pa Katete, ogulitsa onse amayamba kutsokomola nthawi imodzi. Sikuti ali ndi chifuwa ayi, ndi moni wanga ameneyo, ndipo ndinauzolowera. Chondiwawa n'choti nkhaniyi anthu aipotoza kwambiri. Ena akuti ndinkafuna kupha munthu kuti nyumba itsale yanga, ena akuti ndinali nditalawako (mowa ndinasiya kalekale, funsani aliyense kupatula alamu anga). Ndiye ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha. Yoonayo si yokoma kwenikweni, komabe ikuposako imene ikuyenda mumsika.

Ine kwathu ndi ku Vubwi, chakumalire uko. Kuno kufupi ndi Mkaika ndinabwera chikamwini, kutanthauza kuti munda ndi wa akazi anga, malo a nyumba ndi a akazi anga, ngakhale mango amene ndinabzala ndi manja angawa, mukafunsa ana akuuzani kuti ndi a amayi. Sindidandaula, ndimadya nawo. Apongozi anga aakazi, aNabanda, ankakhala m'kanyumba kawo kuseri kwa khola la mbuzi, ndipo ine ndi iwowo tinakhala zaka zoposa makumi awiri osayang'anana m'maso. Achinyamata a masiku ano angaganize kuti tinkadana. Ayi, umenewo ndiwo ulemu wa mkamwini ndi apongozi ake, ndipo aNabanda ankausunga osachotserako ngakhale pang'ono. Tikakumana panjira, ine ndinkapatukira kumanzere, iwo kumanja, moni n'kumapereka kwa mitengo. Ndikafuna kuwauza kanthu ndinkauza akazi anga, iwo ali pomwepo akumva zonse, akazi anga n'kubwereza mawu omwewo, yankho n'kubwereranso njira yomweyo. Nkhope yawo ndinkaidziwira pa chithunzi cha tsiku la ukwati wathu.

Chaka chathachi maondo awo anakana. Chimbudzi chokumba chimafuna munthu woti anyonyomale n'kudzukanso, ndipo iwo kutsika ankatsika koma kudzukako ndiye kunali nkhondo. Tsiku lina akazi anga anawapeza atakhala pansi pakhomo pa chimbudzi, atatuluka chokwawa, akudikira kuti wina adutse koma osafuna kuitana. Kuyambira pamenepo anayamba kudya pang'ono, madzi n'kumangonyowetsa milomo, n'cholinga choti asamapiteko kawirikawiri. Munthu anayamba kutha tikumuona. Akazi anga analira, ndipo ine, ngakhale nkhope ya mayiwo sindinkaidziwa bwino, mtima unandipweteka kwambiri.

Soya ndi mtedza zinali zitachita bwino chaka chimenecho, ndiye tinagwirizana zowonjezera chipinda ku nyumba yathu, chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chokhalira pampando, kuti apongozi asamukiremo mvula isanayambe. Njira ya ku chimbudzi chawo imaterera ngati therere mvula ikagwa, ndipo tonse tinkadziwa kuti dzinja lina pamenepo sangalimalize ali bwino. Titawauza (ine kuuza akazi anga, akazi anga kuuza iwo), yankho linabwera lalifupi. Anati kudzithandizira m'nyumba mmene anthu amadyeramo ndi khalidwe la nkhuku, ndipo iwo sangakhale pampando umene mkamwini amakhalapo lamba atamasula. Ndinalonjeza kudzera mwa akazi anga kuti mpandowo sindidzaukhudza. Anati lonjezo la mwamuna wotsekula m'mimba alibe nalo chikhulupiriro. Tinangomanga choncho, poganiza kuti akadzaona ndi maso mtima udzafewa.

Wa mapaipi tinamupeza pa Katete, a Sakala, munthu wosangalatsa kucheza naye koma wovuta kumupeza kawiri. Anakumba ngalande kuchokera kuchipinda chatsopanocho kutsetserekera ku dzenje lalikulu la zonyansa kufupi ndi nthochi, n'kuyalamo mapaipi apulasitiki, olumikizalumikiza ndi guluu. Pakatikati anamanga kabokosi ka simenti kokhala ndi chivundikiro, koti munthu azisuzumirapo paipi ikatsekeka. Poti mbuzi zinkangogweramo m'ngalandemo, anafotsera mbali yaikulu, ndipo omanga anathira simenti ya khonde lakuseri pamwamba pa mbali ina. Zonsezi zitatha m'pamene a Sakala anakumbukira kuti mapaipi amayesedwa.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Anatseka kumapeto kwa paipi ndi nsanza zokulunga m'pulasitiki, n'kuthira madzi kumtunda, pamene pankayenera kukhala mpando, mpaka anadzaza. Analemba kamzere ndi khala pamene madzi analekeza, tinakakhala pamthunzi n'kudya chinangwa. Pobwerera tinapeza madzi atatsika kuposa chikhatho. Anawonjezera ena, anatsikanso. A Sakala anakanda m'mutu, anayang'ana ngalande yofotserayo, anayang'ananso khonde la simenti, kenako anandiyang'ana ine ngati ndine ndamwa madziwo.

"Bosi, apa pali pamene manzi yathawila," anatero. "Manje kuti tipapeze nifunika pampu ya presha, ili na mnzanga ku Chipata. Nizabwela mailo. Koma toileti osaiseŵenzesa, osathilamo na manzi."

Anachotsa nsanza zija, anamangirira mpando pamalo pake kuti nyumba izioneka yotha, anakwera njinga yamoto n'kumapita. Mailo akewo, kutanthauza mawa, sanafike. Ndikaimba foni, tsiku lina ali pamaliro ku Sinda, tsiku lina ali m'basi, tsiku lina foni ikuyankhidwa ndi mayi wina wondiuza kuti nanenso ndikawaona ndiwauze abwere kunyumba. Uku mitambo yayamba kusonkhana chakummawa masana alionse, apongozi akungotha. Kungoigwiritsa ntchito paipi yodontha sindikanatha, chifukwa zonyansa zikanamalowa pansi pa khonde, pafupi ndi maziko a nyumba. Kuswa khonde lonse n'kufukula ngalande yonse sindinkafunanso. Ndinkangofuna kudziwa malo enieni, ndikumbe pamodzi basi.

Ndinayamba ndi nzeru ya njinga. Chubu chikaboola timapopa n'kumvetsera pamene mpweya ukutuluka, nanga paipi si chubu chachitali chabe? Ndinatseka kumapeto kuja ndi nsanza, ndinakwera padenga n'kutseka kapaipi kotulutsira mpweya wa chimbudzi, pobowoka pa bafa ndinatsekapo ndi chitsononkho, ndipo m'kamwa mwa mpando ndinakanikiziramo thumba lakale la feteleza mpaka linathina. Kenako ndinamangirira chidutswa cha chubu chokhala ndi valavu pa paipi, n'kuyamba kupopa. Ndinapopa mmawa wonse mpaka mikono inachita dzanzi. Ndikapopa pang'ono ndinkathamanga kukathira madzi a sopo pa dothi la ngalande, n'kugona pansi khutu lili padothi. Amayi ena odutsa anaima n'kuvula nsapato poganiza kuti ndikupempherera nyumba yatsopano. Thovu silinaoneke paliponse. Chimene chinachitika n'chakuti nsanza za kumapeto zija zinafwamphuka ngati mfuti n'kugwera m'dzenje, nkhuku zonse n'kuthawira kwa aneba. Akazi anga anati ndisiye zamasewera ndikawagwire a Sakala pakhosi.

Loweruka lake ndinavala malaya abwino n'kutsanzika kuti ndikupita ku Katete, ndipo sindibwera mpaka nditawapeza. Ndinawonjezera kuti mwina ndifika madzulo. Nditafika pamsewu wa tala ndinayesanso foni, mwamwayi anayankha okha. Anati ali ku Vubwi, kwathu kwenikweniko, akuika mapaipi pa nyumba ya mphunzitsi wina, ndipo abwera mailo. Ndinaima pamenepo mtima ukuwira. Ndiye maso anga anagwera pa anthu ogulitsa mbewa zapampani m'mbali mwa msewu, ndipo m'mutu mwanga munawala. Ndikanakhala wanzeru ndikanagula mpani umodzi n'kukwera basi.

Muyenera kudziwa kuti ine ndili wamng'ono ku Vubwi, pa nkhani ya mbewa panalibe wondiposa. Anzanga ankakumba mpaka matuza m'manja, ine ndinkafukiza. Umatenga mphika wakale, n'kuboola kabowo kunsi kwake, n'kuikamo zinyalala zofuka bwino ndi khala lamoto. Kukamwa kwa mphikawo umakuvundikira pa una, n'kumata dothi m'mbali, iwe n'kumauzira pa kabowo kaja. Utsi umayenda pansi ponse, ndipo paliponse pamene mbewa zinabisa khomo lothawira, kautsi kamatulukira pomwepo. Palibe bowo limene lingabisale utsi. Tsono tandiuzani, paipi yokwiriridwa yokhala ndi bowo losaoneka ikusiyana pati ndi una wa mbewa? Ndinadzimva ngati ndatulukira chinthu chimene a Sakala ndi mnzawo wa ku Chipata adzachite kubwera kudzaphunzira.

Ndinabwerera kudzera njira ya kudimba kuti ndikafikire kuseri kwa nyumba. Sindinafune kuti akazi anga andione, chifukwa ali ndi khalidwe loipa lofunsa mafunso abwino. Kuseri kwa nkhokwe kunali mphika wong'aluka kukamwa, ndinauboola ndi msomali. Ndinaikamo makoko a mtedza, ndowe zouma za ng'ombe ndi mapesi a fodya. Kenako ndinaganiza kuti mwina utsi sungaoneke bwino podutsa m'dothi, ndiye mphuno ithandizeko maso. Ndinathiramo tsabola wouma wa kambuzi, dzanja lodzaza. (Pa zonse zimene ndinachita tsiku limenelo, tsabolayu ndi amene akazi anga sanandikhululukirebe.)

Ndinavundukula kabokosi ka simenti kaja, ndinalozetsa mphika ku paipi yopita kunyumba, ndinamata dothi lonyowa m'mbali bwinobwino. Za m'nyumba sindinade nazo nkhawa, popeza ndinkadziwa kuti thumba langa la feteleza likadali m'kamwa mwa mpando. Ndinaponyamo khala, ndinagona chafufumimba ndi malaya anga abwino aja, n'kuyamba kuuzira. Mapapo aubwana aja anali akadalipo ndithu. Ndinauzira mpaka m'makutu munalira, ndikudzutsa mutu kawirikawiri kuyang'ana ngalande.

Ndipo abale anga, zinatheka. Pafupi penipeni ndi m'mphepete mwa khonde, kautsi kowonda kanayamba kutuluka m'dothi, kakukwera mowongoka. Ndinathamanga kukanunkhiza, ndinayetsemula, ndinadziwa kuti ndi wanga. Ndinazikapo kamtengo, ndinavinako pang'ono ndekhandekha, poona kuti khonde lapulumuka. Munthu wokhutira akanalekera pomwepo. Ine ndinati mwina pali bowo lachiwiri, ndinabwerera pa mphika n'kuuziranso ndi mphamvu zoposa poyamba, ndikudabwa pang'ono kuti utsi wochuluka chonchi ukupita kuti, poti pa kamtengo paja ukutuluka wochepa.

Zimene sindinkadziwa ndi izi. Masiku onsewo akazi anga anali akuwanyengerera amayi awo kuti angoyesako kukhala pampandopo, aone mmene maondo angamvere. Mayiwo anavomera pa mfundo imodzi, yoti mkamwini akhale ali kutali, kutali kwenikweni. Ndiye nditangotsanzika za ku Katete, akazi anga anazula thumba langa lija n'kulitaya, anapukuta mpando, anakawatenga amayi awo pang'onopang'ono n'kuwakhazikapo. Mayiwo, mwa ulemu wawo, anakoka kachitsulo kotsekera chitseko mkati. Akazi anga anatenga ndowa kupita ku mjigo kuti adzawaonetse mmene madzi amakokolera, za malamulo a Sakala atatopa nazo. Paja pansi pa mpando wotere pali pokhota pamene pamakhala madzi otchinga fungo, koma wathuwu unali usanalawepo madzi chiugulire. Kuchokera pa mphika wanga kukafika kwa apongozi, msewu unali woyera.

Ndinamva kutsokomola. Poyamba ndinati ndi mbuzi, chifukwa mbuzi zathu zimatsokomola ngati anthu. Kenako mbuziyo inaitana dzina la akazi anga, "Esinati," ndi mawu amene ndakhala ndikuwamvera kumbali zaka zonsezi. Nditadzutsa mutu ndinaona kawindo ka chimbudzi kakufuka ngati uvuni wa njerwa. Ndinakankha mphika ndi phazi n'kuthamanga kuzungulira nyumba, ndikuitana akazi anga, koma kunali zii.

M'nyumba monse munali mutadzaza utsi woswa m'maso. Ndinafika pa chitseko cha chimbudzi, ndipo apa ndi pamene muone mphamvu ya chizolowezi. Ndinatembenuka, ndinafulatira chitseko, ndinapinda manja mwaulemu, n'kuuza khoma kuti, "Auzeni amayi atsegule chitseko." Panalibe wowauza. Mkatimo munkangomveka kutsokomola, kenako chinthu chinagwa pansi, kutsokomola kuja n'kuyamba kuchepa mphamvu. Apo ndiye mantha anandigwira enieni. Ndinabwerera m'mbuyo n'kuchimenya chitseko ndi phewa, kachitsulo kaja kanathothoka.

Koma ndinalowa nditatsinzina. Ndinati kupulumutsa ndiwapulumutsa, koma kuwaona apongozi m'chimbudzi, zimenezo ayi, ndidzayenda bwanji m'mudzi muno. Ndinayamba kufufuza ndi manja ngati munthu wofuna machesi mumdima. Ndinagwira thanki ya madzi ya kuseri kwa mpando n'kuiuza kuti pepani. Ndinagunda bondo pa mpando. Ndinapondanso china chofewa. Ndipo kuchokera pansi, pakati pa kutsokomola, ndinamva mawu oyamba amene aNabanda anandilankhula ine mwini, popanda wodutsiramo, chikwatirire mwana wawo.

"Tsegulani maso, bambo inu. Mukundiponda dzanja."

Ndinatsegula. Anali atagwera pakati pa mpando ndi khoma, misozi ili mbwembwembwe, duku litapita kwake. Mulungu anandichitira chifundo chimodzi tsiku limenelo, chitenje chinali m'malo mwake. Ndinawerama n'kuwanyamula, ndipo ndinadzidzimuka. Ndinali nditakonzekera kulemera kwa munthu wamkulu, koma m'manja mwanga munabwera kanthu kopepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinkadziwa kuti akuonda, koma kudziwa ndi maso a m'mbali n'kosiyana ndi kudziwa ndi manja. Chisoni chinandiwawa kuposa tsabola uja. Ndinatuluka nawo panja mpaka pansi pa mango.

Ndi mmene anatipezera akazi anga, ndowa ili pamutu, pambuyo pawo pali amayi onse a ku mjigo amene anaona utsi n'kuganiza kuti nyumba ikupsa. Tangoganizani zimene anaona. Mwamuna amene ali ku Katete waima pansi pa mango, wanyamula apongozi ake ngati mkwatibwi, onse awiri akulira. Amayi ena anathamangira kukakhuthula ndowa zawo pawindo, kunyowetsa matiresi atsopano amene tinagulira mayiwo. Ena anangoima manja ali pakamwa. Ndikanatha kunamizira moto wochokera kwina, koma kuzungulira milomo yanga kunali mkombero wakuda wa mwaye wa mphika, ndipo m'mudzi muno palibe amene sadziwa nkhope ya munthu wofukiza mbewa.

Akazi anga anatsitsa amayi awo m'manja mwanga, anawakhazika pamphasa, anawamwetsa madzi. Atatero ananditembenukira n'kundifunsa mwakachetechete kuti ndimatani. Pa mayankho onse amene analipo padziko, ine ndinasankha loti podontha paja ndapapeza, pali kamtengo. Madzi amene anatsala mu ndowa anathera pamutu panga.

Masiku otsatirawo anali owawa, ndisaname. Apongozi tinawatengera kuchipatala pangolo, anawapatsa mankhwala a chifuwa, dzanja linali longotupa. Atabwerako analowa m'kanyumba kawo kakale n'kutseka chitseko. Akazi anga ankandiikira chakudya patebulo ngati akuikira galu wa eni. Anthu kunja ankaseka, koma ine sindinkaseka nawo. Ndinkaona kuti chinthu chimodzi chimene chikanawapulumutsa mayi aja ndachiwononga ndi pakamwa panga, tsiku lomwelo limene iwo anadzikakamiza kuchiyesa. Ndani angabwererenso pampando umene unamufukiza?

A Sakala anabwera osaitanidwa. Nkhani inali itawapeza ku Vubwi komweko, ndipo anati sakanatha kudikira, anafuna adzaone ndi maso awo. Anaseka mpaka anakhala pansi m'ngalande. Titakumba pa kamtengo kanga tinapeza polumikizira pamene sipanapakidwe guluu ngakhale dontho. Iwo anati guluu wa masiku ano amauluka. Anakonza pamenepo, anasinthanso paipi ya pafupi ndi kabokosi imene mphika wanga unaifewetsa mpaka kupindika. Tinathiramo madzi, tinalemba kamzere, tinadya chinangwa, ndipo ulendo uno madzi anaima pomwepo osasuntha. Chimbudzi chinayamba kugwira ntchito bwinobwino, chopanda wokhalapo. Sabata yomweyo mvula yoyamba inagwa.

Mmawa wake akazi anga anandiuza kuti amayi akundifuna. Ndinagwira tambala wamkulu pa onse n'kupita naye. Ndinawapeza atakhala pakhonde la kanyumba kawo, akuyang'ana matope a njira ya kuchimbudzi. Ndinakhala pansi chapatali, chammbali monga mwa masiku onse, n'kuyamba kuuza akazi anga kuti awauze amayi kuti ndapepesa. ANabanda anandidula.

"Lankhulani ndi ine. Munandinyamula kale ngati thumba la mtedza pamaso pa mudzi wonse, ndiye mukubisalanso chiyani?"

Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Kunena zoona, chithunzi chija chinawanamizira, ali ndi nkhope yachifundo kuposa pamenepo, ngakhale tsiku limenelo chifundocho anali atachisunga kaye. Ndinapepesa, ndinafotokoza za mbewa, za thumba, za kamtengo. Anamvetsera zonse osaphethira. Atalandira tambala anati:

"Kampando kaja n'kabwino. Utsi usanabwere, maondo anga anapuma koyamba chaka chino. Ndinafuna kugona pomwepo."

Akazi anga anayamba kulira. Ine ndinati ndithokoze, koma mayiwo anakweza dzanja lotupa lija. Anati asamuka lero lomwe, manyazi a mpando atha poti zoposa pamenepo zinachitika kale. Koma mtima wawo sungakhazikike ali mkatimo pokhapokha akudziwa kumene ine ndili, ndiponso chimene pakamwa panga pakuchita.

"Ndikamalowa, inu muzikhala pakhonde lakumaso, muziimba. Ndizikumvani mpaka nditatuluka. Mukangosiya, ndikuwa."

Ndinaganiza kuti akuseka. Sanali kuseka. Tsono ine pa nkhani ya kuimba, a kwaya ya kutchalitchi kwathu anandipempha kalekale mwaulemu kuti mphatso yanga ndi yonyamula mabenchi. Komabe tsiku lomwelo madzulo ndinakhala pakhonde n'kuyamba nyimbo ya m'buku, agalu a aneba n'kundithandiza. Ndinafika vesi lachitatu ndisanamve madzi akukokoloka mkatimo. Sindinamvepo phokoso lokoma ngati limenelo.

Patangotha masiku ochepa akazi anga anaona vuto lina. Anati ndikamaimba nthawi yokhayo, mudzi wonse uzidziwa pamene amayi awo ali, ndipo kumeneko n'kuwavula. Ndiye anagamula kuti ndiziimbanso nthawi zina mwachisawawa, kuti anthu asokonezeke. Panopa ndimaimba pothyola chimanga, ndimaimba pokonza njinga, ndimaimba alendo ali pakati pa nkhani. Abusa anabwera kudzandiyamikira kuti moyo wanga wauzimu wakula kwambiri chaka chino, ndipo ndinangoti zikomo abusa.

Akazi anga amati phunziro la nkhaniyi ndi loti munthu azidikira amisiri. Ine pamenepo sindivomereza, chifukwa tikanadikira bwenzi tikudikirabe mailo. Njira yanga inagwira ntchito, podontha panapezeka, khonde silinasweke. Inangosowa kugogoda. Ndikanena zimenezi akazi anga amatuluka panja.

Dzulo masana aNabanda anamaliza mbale yonse ya nkhwani wotendera, anatsitsira chikho cha thobwa, n'kufunsa ngati latsalako lina. Masaya ayamba kubwerera. Akazi anga anawathirira chikho chachiwiri mpaka pakamwa, kenako anandiyang'ana ine. Ndinadzuka mwakachetechete kukafunditsa madzi a pakhosi, poti nthawi ya nyimbo inali pafupi.